ANA AMENE SAONEKA M'MABUKU A KALEMBERA

M'midzi ya m'maboma a Petauke ndi Nyimba muli ana amene matenda ao satha ndi mankhwala a sabata imodzi. Mwana mmodzi angakhale ndi khunyu, ziwalo zouma ndi bvuto la kumeza cakudya, zonse pamodzi. Wina magazi amamthera kawiri-kawiri cifukwa ca matenda a sickle cell. Ana otere afuna mankhwala osalekeza, akatswiri owongola ziwalo, ndi maulendo a ku cipatala ca Minga, ca Kalindawalo kapena ca Nyimba, mwinanso kufikira ku Lusaka. Koma Boma lisanawakonzere zimenezi liyenera kudziwa kuti alipo angati ndiponso akhala kuti.

Apa ndipo pagona bvuto. Pa kufufuza kwakukulu kwa za umoyo, kochedwa Zambia Demographic and Health Survey, kumene kunayamba m'caka ca 1992, alembi amapima msinkhu ndi kulemera kwa ana osakwana zaka zisanu. Amafunsanso mai ngati mwana anatentha thupi, kutsokomola kapena kutsegula m'mimba m'masabata awiri apitawo. Mafunso amenewa agwira bwino matenda ofala. Koma mwana wa zaka zitatu amene sakhala tsonga, ngati sanadwale m'masabata amenewo, alembedwa monga mnzace wina aliyense. Kuonjezera apo, alembi amafika pa makomo osankhidwa okha, kotero ziwerengero zimene zituluka ndi za cigawo conse ca Kum'mawa, osati za Petauke kapena Nyimba payekha.

M'caka ca 2015 Boma linacita kufufuza kwapadera kwa anthu olemala, ndipo kunapezeka kuti mwa ana 100 alionse a zaka 2 kufikira 17, oposa anai pang'ono anali ndi cilema.

Njira ya kafunsidwe nayonso inasintha. Mu 2016 bungwe la UNICEF pamodzi ndi Washington Group anatulutsa mafunso amene safuna dzina la matenda. Mai wa kwa Mfumu Luembe, kutali ndi dotolo, sangadziwe dzina la cimene cibvuta mwana wace, koma adziwa bwino ngati mwanayo aona, amva, ayenda, agwira kanthu ndi dzanja, kapena alankhula. Mlembi afunsanso ngati bvutolo ndi laling'ono, lalikulu, kapena mwana alephereratu. Mwana wolephera zinthu zingapo nthawi imodzi ndiye afunika kulondoledwa msanga. Komabe mafunsowa sachula mankhwala amene mwana akumwa, ndiye cifukwa cace khadi la ku sikelo ndi mabuku a pa kiliniki ali ofunika kuwasunga bwino.

Mbali yotsala ndi ya makolo. Ena amabisa mwana wotere m'nyumba alendo akafika, poopa kusekedwa kapena kunenedwa za ufiti. Potero mwanayo sawerengedwa, ndipo mankhwala ace sakumbukiridwa pamene akulu a zaumoyo agawa katundu ku zipatala.

Lamulo la anthu olemala la caka ca 2012 lipatsa mwana wotere ufulu wa kucizidwa ndi wa kuphunzira. Mafumu, nyakwawa ndi a makomiti a zaumoyo apemphedwa kulimbikitsa makolo kuti alembi akafika pa khomo, achule mwana aliyense wa m'nyumbamo, ngakhale amene sangathe kutuluka panja.