Dongo Logwira Ululu wa M'madzi

M'chigwa cha mtsinje wa Jinzu, ku Toyama m'dziko la Japan, alimi a mpunga anazunzika zaka zambiri ndi nthenda yachilendo. Inkagwira makamaka amayi achikulire. Impso zinkaonongeka, ndipo mafupa ankafeŵa kufikira kumathyoka ngakhale potsokomola. Odwala ankangolira kuti "itai, itai", ndiko kunena kuti kukuŵaŵa, ndipo dzina la nthendayo linachokera pomwepo. M'chaka cha 1968 boma la Japan linavomereza kuti gwero lake linali chitsulo chotchedwa cadmium, chimene chinkatsika ndi madzi kuchokera ku mgodi wa Kamioka nkuloŵa m'minda ya mpunga.

Choopsa nchakuti madzi otere amaoneka oyera. Cadmium, mtovu ndi mercury, yemwe ena okumba golide amagwiritsa ntchito, zikasungunuka m'madzi diso silizipenya. Kuŵiritsa kumapha tizilombo, koma chitsulo sichifa ndi moto. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati mtovu usapitirire mamaikilogalamu 10 pa lita imodzi. Ndiye kuti galamu imodzi yokha ikwanira kufikitsa pa malirewo migolo 500 ya malita 200.

Pofuna njira yosaboola m'thumba yoyeretsera madzi otere, akatswiri a sayansi anatembenukira ku dongo. Mtundu umene amaudalira kwambiri ndi bentonite, dongo lochokera ku phulusa lakalekale la mapiri ophulika. Kambewu kalikonse ka dongoli nkopangidwa ndi timapepala topyapyala kwambiri tosanjikizana ngati masamba a buku. Timapepalato tili ndi mphamvu yokoka, yonga ya maginito, ndipo pakati pake pamakhala tizidutswa ta sodium kapena calcium. Madzi oipa akadutsa, pamachitika msinthano: sodium amatuluka, mtovu nkukhala pamalo pake.

Komatu dongo longotapa pa mtapo lili ndi zofooka. Likanyowa limafufuma nkusanduka phala lotseka sefa. M'madzi a asidi, monga otuluka m'migodi yambiri, kugwira kwake kumachepa, ndipo nthaŵi zina limataya chimene linagwira kale. Nchifukwa chake akatswiri amayamba alikonza ndi mankhwala.

Ena amalitsuka ndi asidi kuti timabowo take titseguke. Ena amaimika timizati ta aluminium pakati pa timapepala tija, monga mizati ya nkhokwe, kenaka nkuliotcha kuti timizatito tilimbe. Njira imeneyi inadziŵika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Dongo lotere silifufumanso, ndipo madzi amayendamo bwino. Koma nzeru yopambana ndi yomata pa dongolo mankhwala okhala ndi sulufule. Mercury ndi sulufule nzogwirizana kuyambira m'chilengedwe, pakuti ngakhale mwala wofiira umene anthu amafukulamo mercury ndi msanganizo wa ziŵirizi. Choncho dongo la sulufule limasankha mercury, kusiya mchere wina wosaopsa kuti udutse, ndipo likamugwira silimutaya wamba.

Omvera asaganize kuti mtsuko wa pakhomo ungachite zomwezi. Mtsuko umaziziritsa madzi, koma dongo lake nlootcha kale ndiponso nlosakonzedwa. Ngakhale dongo lokonzedwalo, zambiri za ilo zaonekera m'nyumba zoyesera zinthu, m'mene madzi amakhala ndi chitsulo chimodzi chodziŵika. Madzi a mu mtsinje amabwera ndi matope, mchere ndi zinyalala zolimbirana malo omwewo.

Palinso funso la kotaya. Dongo likakhuta, ululu wonse umakhala uli m'menemo. Kulitaya kudzala nkubwezera chitsulocho m'zitsime mvula ikagwa. Eni mafakitale amayenera kulitsuka ndi asidi kuti achotsemo chitsulocho ndi kuligwiritsanso ntchito, kapena kulisakaniza ndi simenti nkulikwirira m'dzenje lotetezedwa kuti madzi asaloŵemo.