Kutupa Nkhope pa Mimba Si Tsempho Ayi

Amayi anzanga, pamiyala ya m'mapiri a Chongoni pali zojambula za utoto woyera zimene anamkungwi akale ankalangira atsikana pachinamwali. Mwambo wa amayi ngwakale chomwecho, ndipo wambiri ngwabwino. Koma pali umodzi wofunika kuukonza: woti wapakati akatupa nkhope ndi manja ndiye kuti ndi tsempho, bambo wayenda njira. Pamene akuluakulu ali kuzenga mlanduwo, magazi a mayi ali kuthamanga.

Gwero lake ndi ili. M'thupi mwathu muli asilikali osaoneka ndi maso, olimbana ndi chachilendo chilichonse. Tsono mwana wa m'mimba ndi mlendonso, pakuti mbali ina ndi ya bambo wake. Mimba ikaima, asilikali a m'chiberekero amasintha ntchito. Ena amathandiza nsengwa kuzika mizu ndi kukuza mitsempha yotengera magazi kwa mwana. Ena amaleretsa, kuti anzawo asamenyane ndi mlendoyo. Akatswiri apeza kuti mwa amayi odwala nthendayi oleretsa aja amachepa, aukali nakula mphamvu. Mitsempha imatsala yopapatiza, nsengwa imasoŵa magazi, ndipo imatulutsa zinthu zoononga mitsempha ya mayi thupi lonse, kufikira impso, chiŵindi ndi ubongo. Mapeto ake ndiwo kugwa ngati wakhunyu.

Nthendayi imabuka mimba ikapitirira masabata 20. Imakonda mimba yoyamba, ya mapasa, ndi yoyamba ya mwamuna watsopano. Apongozi, taganizirani: mtsikana wa mimba yoyamba, amene timamuuza kuti azipirira, ndiye ali pangozi koposa.

Poyamba siimveka kuŵaŵa, nchifukwa chake kusikelo amamanga kansalu pamkono nayeza mkodzo. Magazi akafika pa 140/90 anamwino amatchera khutu. Mu 2016 bungwe la WHO lidalangiza kuti wapakati aonedwe kasanu ndi katatu asanachire. Kumunda kudikire.

Kutupa mapazi kokha nkwa amayi ambiri. Koma mutu wosamva mankhwala, maso a nkhungu, kuŵaŵa pansi pa nthiti, nkhope yotupa mwadzidzidzi, zimenezi nzosagonera. Pezani galimoto tsiku lomwelo. Kuchipatala chachikulu, monga cha boma ku Dedza, amatsitsa magazi, nabaya jekeseni wa magnesium sulphate woletsa kugwa kuja. Nthaŵi zina adokotala amachiritsa mayi masiku asanakwane, popeza nthendayi imayamba kutha nsengwa ikatuluka. Ngakhale atachira, mayi ayezedwebe, chifukwa ena imaŵagwira ali m'chikuta.