Maulendo a kumathero a sabata m'boma la Ntcheu

Maulendo a kumathero a sabata m'boma la Ntcheu ndi maulendo aafupi, a masiku awiri kapena atatu, amene anthu amayenda kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre kukaona midzi ya mbiri ya Angoni a kwa Maseko, mishoni zakale, misika ya m'malire ndiponso mapiri a m'bomali. Ntcheu ili kumapeto kwa chigawo chapakati cha dziko la Malawi. Imachita malire ndi Dedza kumpoto, Mangochi ndi Balaka chakum'mawa, Neno kum'mwera ndi dziko la Mozambique kumadzulo. Bomali ndi lalikulu masikweya kilomita 3,424 ndipo kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti muli anthu 659,608.

Amalawi ambiri amaidziwa Ntcheu ngati malo ongodutsapo. Basi imaima, anthu agula kabichi ndi mbatata ya kachewere pawindo, ulendo nkupitirira. Komatu m'mphepete mwa msewu womwewo muli manda a mfumu imene idaphedwa chifukwa chokana ulamuliro wa atsamunda, ndipo chapatali pang'ono kuli mishoni yoyamba yokhazikika ya Akatolika m'dziko muno komanso nkhalango zimene zimamwetsa madzi anthu a m'maboma oyandikana nawo.

Malo ndi misewu

Msewu wa M1 ndiwo msana wa ulendo wonse. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa boma la Ntcheu ndi makilomita pafupifupi 160, pafupifupi theka la mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ndipo galimoto yaing'ono imayenda maola awiri kapena atatu. Wochokera ku Lilongwe amalipira pa zipata za pamsewu za Kalinyeke ku Dedza, pamene wochokera ku Blantyre amalipira pa Chingeni.

Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewuwu umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique kwa mtunda wautali ndithu, kotero kuti munthu akangodumpha msewu amakhala waponda dziko lina. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, anthu ochuluka othawa nkhondo adakhala m'midzi ya mbali ya Malawi m'dera limeneli. Chipata chovomerezeka cholowera ku Mozambique chili pa Biriwiri, kumpoto kwa boma.

Dera la bomali lili pawiri. Kumadzulo kuli mapiri ndi zitunda zozizira, kumene kumachokera ndiwo zamasamba za ku Tsangano ndi Lizulu. Kum'mawa nthaka imatsika mpaka kuchigwa chotentha cha Bwanje, kumene kumadutsa msewu wa M5 ndi njanji ya pakati pa Balaka ndi Salima.

Poyambira ulendo: mizinda iwiri

Ntcheu ilibe mzinda, choncho gawo la mumzinda la ulendowu limachitikira kumene munthu akuchokera, kawirikawiri Lachisanu masana kapena Loweruka m'mawa. Ku Lilongwe, likulu la dziko kuyambira mu 1975, anthu amaona chiliza cha Kamuzu Banda ndi Nyumba ya Malamulo imene idatsegulidwa mu 2010. Ku Blantyre kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chidamalizidwa mu 1891, nyumba ya Mandala ya mu 1882 ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri.

Kwa wofuna kumvetsa mbiri ya Ntcheu, kuyambira ku Blantyre kumathandiza kwambiri. Nyumba ya Mandala ndi tchalitchi chija zidamangidwa pa nthawi imene amishoni, amalonda ndi eni minda a Chizungu ankakhazikika kumapiri a Shire ndipo ankasowa antchito. Ambiri mwa antchitowo ankachokera ku dziko la Angoni. Mkangano wa antchito ndi msonkho umenewu ndiwo udathera pa manda amene mlendo amakawaona ku Nkolimbo.

Nkolimbo ndi Lizulu

Angoni a kwa Maseko adachoka kum'mwera kwa Africa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, pa nthawi ya nkhondo za m'masiku a Shaka. Adaoloka Zambezi, ndipo motsogozedwa ndi Mputa adakafika mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Atagonja kumeneko adabwerera kum'mwera ndi Chidyaonga nakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe, limene tsopano lili ku Angonia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Pambuyo pa Chidyaonga ufumu udapita kwa Chikuse, mwana wa Mputa. Chikuse atamwalira mu 1891 padabuka nkhondo yolimbirana ufumu, ndipo mbali ya Kachindamoto idakakhazikika ku Mtakataka m'boma la Dedza pamene mbali ya Gomani, mwana wa Chikuse, idatsala kumtunda. Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi adalemba adadula dziko la Angoniwa pakati, nchifukwa chake mpaka lero mabanja ambiri ali ndi abale mbali zonse za msewu.

Gomani woyamba sadafune kuti anthu ake azipereka msonkho kwa Angerezi kapena kukagwira ntchito kwa Azungu popanda chilolezo chake. Mu 1896 ankhondo ake adaukira midzi yoyandikana ndi mishoni za Zambezi Industrial Mission, ndipo boma la atsamunda lidatumiza asilikali. Adamugwira, ndipo pa 27 October 1896 adamupha. Manda ake ali m'mudzi wa Nkolimbo, m'dera la Inkosi Kwataine, kufupi ndi msewu wa M1 mtunda waufupi kuchokera pa boma.

Pamalo amenewa ndi pamene pamachitikira Umhlangano wa Maseko, mwambo wa chaka ndi chaka umene kawirikawiri umakhalapo kumayambiriro kwa September. Mawu oti umhlangano ndi a Chingoni ndipo amatanthauza kukumana. Pamabwera Angoni a m'Malawi, a ku Mozambique, ku Tanzania ndi ku Zambia, komanso alendo ochokera kum'mwera kwa Africa. Akuluakulu amayamba ndi mwambo wa kukhwisula, wopereka ulemu kwa makolo, kenako bwalo limatseguka kwa onse. Amuna amavina ngoma atavala zikopa ndi nthenga, chishango kumanzere, chibonga kapena nthungo kumanja. Gule ameneyu mphamvu yake ili m'mapazi: gulu lonse likaponda pansi nthawi imodzi, fumbi limakwera ndipo woonera amamva nthaka ikunjenjemera. Amayi ali ndi magule awo monga msindo ndi uyeni. Mfumu yaikulu ikamalowa, khamu limafuula kuti "Bayethe", mawu aulemu amene sapatsidwa kwa munthu wamba.

Mlendo ayenera kudziwa kuti Nkolimbo si mudzi womangidwira alendo. Ndi mudzi wa anthu amene amalima, kutunga madzi ndi kuika maliro ngati kwina kulikonse. Kunja kwa sabata ya Umhlangano pamalopo pamakhala zii, ndipo wobwera mu February sangapeze ovina akumudikira. Chimene angapeze ndi manda, bwalo ndi anthu odziwa mbiri, bola ayambe wakaonekera kwa amfumu a mudziwo ndi kunena chimene wabwerera. Kujambula zithunzi pamanda popanda kupempha ndi chipongwe.

Likulu la Inkosi ya Makhosi Gomani lili ku Lizulu, kumpoto kwa bomali, dzina limene anthu amati lidachokera ku mawu a Chingoni oti Lizwe la Zulu. Kumeneko nkumene ankalamulira Philip Gomani wachiwiri, amene nkhope yake ili pa ndalama yapepala ya K50. Mu 1953 iye adauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Boma lidamuchotsa paufumu, ndipo apolisi atabwera kudzamutenga adathawira ku Mozambique pamodzi ndi mbusa wa Anglican, Michael Scott. Apwitikizi adawabweza, Scott adathamangitsidwa m'dziko, ndipo Gomani adamwalira mu 1954. Mfumu ya lero, Gomani wachisanu, idavekedwa mu 2012.

Angoni a ku Ntcheu masiku ano amayankhula Chichewa. Chingoni chidatsalira m'nyimbo, m'mawu a miyambo ndi m'ziwongo monga Maseko, Ngozo ndi Nzunga. Wofuna kuwerenga zambiri angayambe ndi buku la Margaret Read lotchedwa The Ngoni of Nyasaland la mu 1956, lochokera pa kafukufuku amene adachita m'zaka za m'ma 1930.

Lizulu imadziwikanso ndi msika wake, umene uli mbali zonse ziwiri za msewu, ina m'Malawi ina mu Mozambique. Pali milu ya kachewere, kabichi, anyezi, tomato, karoti ndi nyemba, ndipo ogula ambiri ndi amalonda opikula okagulitsa m'mizinda. Kudumpha msewu kukagula ndiwo ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku, koma wofuna kukafika ku Domwe ayenera kudzera pachipata ndi zikalata zoyendera.

Mishoni zakale

Ku Nzama ndi kumene ansembe atatu a chipani cha Montfort adafika mu July 1901 nayambitsa mishoni yoyamba yokhazikika ya mpingo wa Katolika m'Malawi. Ansembe a White Fathers adayesapo kwa Mponda ku Mangochi mu 1889 koma adachoka patatha zaka ziwiri. M'bomali mulinso Mlanda ya CCAP sinodi ya Nkhoma, Gowa ya Churches of Christ ndi Dombole ya mpingo wochokera ku Zambezi Industrial Mission. Zonsezi ndi malo opempherera, sukulu kapena zipatala zimene zikugwirabe ntchito, ndipo ina mwa misewu yake ndi yafumbi.

Amene ali ndi tsiku lachitatu amatsikira ku Mua, m'boma la Dedza, kudzera msewu wokhotakhota wa Masasa ndi Golomoti. Mishoni ya Mua idayamba mu 1902, ndipo kuli Kungoni Centre imene bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976. Nyumba yake yosungiramo zakale ya Chamare imafotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao, kotero imakwaniritsa bwino zimene munthu waona ku Nkolimbo.

Mapiri

Mapiri a kumadzulo ndi kum'mwera kwa Ntcheu ndi gawo la mtandadza wa mapiri a Kirk, dzina lochokera kwa John Kirk, dokotala amene adayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa ku Zambezi. Mtandadzawu umatsata malire a Mozambique kulowera ku Neno. M'menemo muli nkhalango zotetezedwa za Dzonzi ndi Mvai. Kumpoto, cha kumalire ndi Dedza, kuli phiri la Chirobwe, lotalika kupitirira mamita 2,000. Phiri loyandikira kwambiri ndi limene lili pamwamba pa tauni ya Ntcheu, ndipo munthu wamphamvu zake angathe kukwera m'mawa nkutsika dzuwa lisanafike paliwombo.

Mapiriwa sali ngati Mulanje, kumene kuli tinyumba togona okwera phiri ndi operekeza ophunzitsidwa. Njira zake ndi za otola nkhuni, abusa a ng'ombe ndi ofuna bowa, ndipo zilibe zikwangwani. Nchifukwa chake wokwera amayamba wafunsa ku ofesi ya zankhalango pa boma ngati akufuna kulowa m'nkhalango yotetezedwa, kenako nkupeza munthu wa m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri woti amutsogolere, atagwirizana malipiro asananyamuke. Woperekezayo amadziwa kumene kuli manda ndi malo ena osafunika kupondapo. Madzi akumwa ndi chakudya munthu amanyamula yekha.

Mitengo yachilengedwe ya m'mapiriwa ndi ya mtundu wa mombo ndi tsamba, pamodzi ndi misuku imene imabereka kumapeto kwa chaka. Koma wokwera masiku ano amakumananso ndi zitsa, mauvuni a makala ndi minda yokwera mpaka pamalo otsetsereka. Matumba a makala amene amaikidwa m'mbali mwa M1 amachokera m'mapiri ngati omwewa, ndipo ogula ake ambiri ndi anthu a m'mizinda odutsa pagalimoto. Zotsatira zake zidaoneka poyera mu 2018, pamene damu la Mpira, limene lili m'nkhalango ya Mvai ndipo limapereka madzi a m'mipope ku Ntcheu ndi ku Balaka, lidaphwa. Mvula idavuta, koma kutha kwa mitengo kumtunda kwa damuli kudatchulidwanso ngati chimodzi mwa zifukwa zake, poti dothi lokokoloka limadzaza damu ndipo mitsinje imauma msanga.

Ofuna phiri lodziwika bwino amaima ku Dedza pobwerera ku Lilongwe. Phiri la Dedza ndi lotalika mamita 2,198, ndipo pafupi pake pali mapanga a Chongoni okhala ndi zojambula zamakedzana pamiyala m'malo 127, amene UNESCO idawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006.

Nyengo ndi kagawidwe ka masiku

Nthawi yabwino yokwera mapiri ndi kuyambira May mpaka August, mvula itatha, ngakhale kuti mu June ndi July kumtunda kumazizira kwambiri ndipo nkhungu imatha kuphimba phiri tsiku lonse. Mu September ndi October kumatentha, udzu umakhala utapsa ndi moto wolusa, ndipo utsi umabisa chigwa cha Bwanje. M'dzinja misewu yafumbi ya ku mishoni ndi ku Tsangano imaterera.

Wochokera ku Lilongwe angathe kuona mzinda Lachisanu masana, kunyamuka Loweruka m'mamawa, kuima pa Lizulu, kufika ku Nkolimbo masana ndi kugona pa boma. Lamulungu amalawirira phiri nkubwerera madzulo, kusanade, chifukwa M1 usiku imadzaza ndi magalimoto akuluakulu, njinga zopanda nyali ndi anthu oyenda pansi. Wopanda galimoto amakwera basi kapena minibasi mpaka pa boma, kenako kabaza wa njinga yamoto kukafika m'midzi. Malo ogona alendo pa boma ndi ochepa ndipo ambiri ndi ang'onoang'ono, kotero sabata ya Umhlangano amadzaza msanga, ndipo ochedwa kusungitsa malo amakagona ku Dedza kapena ku Balaka.