Chifunde: yunivesite ili kumapeto kwa msewu wa N9

Msewu wa N9 umayambira pa Matema mumzinda wa Tete n'kulunjika kumpoto. Umadutsa boma la Chiúta, kulowa m'Chifunde, mpaka kukathera pachipata cha Cassacatiza, m'malire a Mozambique ndi Zambia. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 300. Malole ochokera kudoko la Beira amakwera nawo usana ndi usiku, ndipo fodya wa alimi amatsikira momwemo. Mwana wa m'bomali akamaliza kalasi 12 n'kufuna kupitiriza maphunziro, nayenso amakaima m'mbali mwa msewu womwewu ndi chikwama chake kudikira galimoto, chifukwa m'Chifunde monse mulibe yunivesite.

Boma lake ndi lalikulu ndithu, masikweya kilomita oposa 9,000, koma kalembera wa mu 2007 anapezamo anthu ongopitirira pang'ono 100,000. Lili ndi zigawo zitatu, Chifunde, Mualadzi ndi Nsadzu, ndipo likulu lake linasamukira ku Luia mu 2013. Ambiri ndi Achewa. Mwezi wa Ogasiti ukamatha, mafumu a kuno amawoloka malire kupita ku Mkaika, m'boma la Katete, kukachita mwambo wa kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Anthu amalima chimanga, mtedza ndi nyemba, ena amakumba golide m'makwawa, koma ndalama yooneka imachokera ku fodya, amene alimi amalima pamgwirizano ndi kampani ya Mozambique Leaf Tobacco.

Kuti mumvetse za sukulu kuno, yambani ndi makolo. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, inatseka sukulu zambiri za kumidzi ya kumpoto kwa Tete. Mabanja anathawira ku Malawi, ena ku Zambia, kumene msasa wa Ukwimi m'dera la Petauke unasunga anthu ambiri ochokera ku Mozambique. Amene anaphunzirako pang'ono kumeneko anaphunzira m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Atabwerera kwawo anapeza kuti sukulu, chipatala ndi ofesi ya boma zonse zikufuna Chipwitikizi. Lero ana ndi adzukulu awo ndiwo akulimbana ndi mabuku amene agogo sangawathandize kuwerenga.

Boma la Mozambique silinangokhala chete pa nkhaniyi. Kuyambira 1993 mpaka 1997, chigawo cha Tete chinali chimodzi mwa ziwiri zimene zinayeserera kuphunzitsa ana aang'ono m'chilankhulo chawo, kuno Chinyanja, ku Gaza Chichangana, ndipo mu 2003 njirayi inayamba kufalikira m'dziko lonse. Koma izi ndi za makalasi oyambirira. Mayeso olowera ku yunivesite za boma amalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo mwana wa ku Mualadzi amapikisana ndi mnzake wa mumzinda amene anayamwira Chipwitikizicho kubere.

Akapambana, mumzinda wa Tete muli zosankha zingapo. Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, imadziwika ndi uinjiniya wa migodi ndi woyenga miyala, komanso za makompyuta ndi zowerengera ndalama. Universidade Zambeze, imene likulu lake lili ku Beira, inaika nthambi yake ya zaumoyo ku Tete, ndipo kumeneko ndi kumene amasula madokotala, madokotala a mano ndi akatswiri a mankhwala. Universidade Púnguè inabadwa mu 2019 pamene boma linagawa Universidade Pedagógica. Likulu lake lili ku Chimoio, koma nthambi ya ku Tete ndiyo yaphunzitsa aphunzitsi ambiri a m'sukulu za sekondale za m'chigawochi. Akatolika nawo ali ndi nthambi ya Universidade Católica de Moçambique yoona za chuma chachilengedwe ndi miyala ya pansi, ngakhale kuti kumeneko fizi ndi yokwera poyerekeza ndi sukulu za boma. Ku Songo, pafupi ndi damu la Cahora Bassa, kuli politekiniki ina yosula mainjiniya a magetsi ndi a madzi, ndipo ku Moatize kuli sukulu ya za miyala ndi migodi yolandira ana amene sanafike pa digiri.

Mndandandawu ukuonetsa poyera chimene chinakoka sukuluzi: malasha a ku Moatize, amene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011 isanagulitse mgodiwo kwa Vulcan mu 2022, ndi magetsi a ku Cahora Bassa. Palibe cholakwika kuti mwana wa mlimi akhale injiniya wa mgodi. Koma Chifunde ndi dziko la khasu, ndipo maphunziro amene angabwerere kumunda wa makolo ake ali kwina, ku Ulónguè m'boma la Angónia, kumene Universidade Zambeze inamanga nthambi ya zaulimi. Pamapu, Ulónguè sali patali kwenikweni, pakati pangokhala boma la Macanga. Pamsewu ndi nkhani ina. Wofuna phula lokhalokha ayenera kutsika kaye mpaka ku Tete, kenako n'kukweranso kudzera ku Moatize ndi Mussacama. Chotonthoza n'chakuti akafika amapeza nyengo yozizirira ndi anthu olankhula chilankhulo cha kwawo.

Ku Tete sapeza zimenezo. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, pamsika pamamveka Chinyungwe, ndipo chipinda chochita lendi chinakwera mtengo kuyambira pamene migodi inadzaza mzindawo ndi alendo.

Vuto lina ndi la kalendala. Mayeso olowera ndi kulembetsa zimachitika kumayambiriro kwa chaka, ndipo makalasi amayamba cha mu Febuluwale kapena Malichi. Kwa mlimi imeneyi ndi miyezi ya njala: nkhokwe yapepuka, fodya akadali m'munda kapena m'chigafa, ndipo ndalama yake siioneka mpaka misika itatsegulidwa mvula itatha. Ndiye kuti banja limene likufuna kutumiza mwana liyenera kusunga metikali za fodya wa chaka chatha kwa miyezi yambiri osazikhudza, apo ayi kugulitsa mbuzi kapena ng'ombe. Digiri wamba imatenga zaka 4, udokotala zaka 6. Boma la Mozambique lili ndi ofesi yopereka thandizo la fizi, Instituto de Bolsas de Estudo, koma opempha amachuluka kuposa malo, ndipo wodziwa msanga za mwayi woterewu amakhala amene ali pafupi ndi intaneti.

N'chifukwa chake khomo limene ana ambiri a kumidzi amalowera ndi la uphunzitsi. Sukulu zosula aphunzitsi a pulaimale zili ku Tete, ku Chitima ndi ku Angónia, ndipo bungwe la ADPP lili ndi yake m'boma loyandikana la Chiúta, yokonzekeretsa aphunzitsi okagwira ntchito kumudzi. Akayamba kulandira malipiro, ambiri amapitiriza ndi maphunziro a patali, a Universidade Católica kapena a UnISCED ya ku Beira: masana pabolodi, usiku pafoni, ndipo nthawi ya mayeso amakwera galimoto kutsika ndi N9. Digiri yoteroyo ena amaipeputsa, komatu ili ndi ubwino umene ya mumzinda ilibe. Mwini wake sachoka m'boma, ndipo ana a kalasi yake sakhala chaka chonse opanda mphunzitsi.

Msewu uja ulinso ndi mutu wake wakumpoto. Kuchoka pa Cassacatiza n'kuwolokera pa Chanida, Katete ali pamakilomita ongopitirira 50, ndipo kumeneko chipatala cha St Francis chili ndi sukulu ya anamwino. Patsogolo pake pali Chipata ndi koleji yake ya aphunzitsi. Kwa munthu wa ku Nsadzu, sukulu zimenezi zili pafupi kuposa iliyonse ya m'dziko lake, ndipo kumeneko ali ndi abale oti angamusunge. Pangano la SADC pa zamaphunziro, limene linasainidwa ku Blantyre mu 1997, limapempha mayunivesite kusungira ophunzira a m'mayiko ena a SADC malo osachepera 5 mwa 100 alionse. Komabe wofuna kudzera njirayi ayenera kudziwa Chingerezi chokwanira kulembera mayeso, kulipira m'makwacha a ku Zambia, ndi kupeza chilolezo chophunzirira m'dziko la eni. Akamaliza, satifiketi yakeyo iyenera kuyamba yavomerezedwa ndi akuluakulu a zamaphunziro ku Mozambique asanapemphe ntchito pachipatala kapena pasukulu ya boma ku Luia.