Bala likauma kunja, m'kati mukuchirabe

Pa 9 June 1956, madokotala a chipatala cha Walter Reed ku Washington adang'amba mimba ya Dwight Eisenhower, mtsogoleri wa dziko la America, chifukwa matumbo ake adatsekeka ndi nthenda ya Crohn. Adachira, ndipo mu November chaka chomwecho adapambananso chisankho. Koma mu February 1969 adabwereranso ku opaleshoni. Zipsera za m'mimba zidamatirira matumbo n'kuwatsekanso. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Nthenda zotupitsa matumbo zodziwika bwino ndi ziwiri. Ya Crohn, yomwe Burrill Crohn ndi anzake adaifotokoza ku New York mu 1932, imagwira pena paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kotulukira chimbudzi. Ya ulcerative colitis imachititsa zilonda m'thumbo lalikulu lokha. Kwathu kuno Crohn imafanana kwambiri ndi TB ya m'matumbo, motero madokotala amayeza mosamala asanapereke mankhwala.

Okondedwa, mbale wathu akatuluka m'chipatala, ntchito yatsala ndi yathu. Masiku oyambirira ndiwo oopsa, pakuti pomwe adalumikiza matumbo pakhoza kudontha. Thupi likatentha, mtima ukamathamanga, mimba ikatupa ndi kupweteka koposa kale, kapena bala likamatuluka mafinya, musadikire kuche. Chimodzimodzinso akamasanza osatulutsa mpweya kapena chimbudzi. Mwendo umodzi ukatupa, kapena akamabanika, mwina magazi aundana m'mitsempha. Zonsezi n'zothamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Tipemphere ndithu, koma tipemphere tili m'njira.

Ena amabwera ndi kabowo pamimba kotulukira chimbudzi, chomwe chimagwera m'thumba lomata pakhungu. Ngati kabowoko n'ka thumbo laling'ono, munthu amataya madzi ndi mchere wambiri. Mkodzo ukachepa, pakamwa pakauma, akamamva chizungulire, amwe madzi a ORS ndipo akaonane ndi dokotala, chifukwa impso zikhoza kuwonongeka. Wotereyu tisamuumirize kusala kudya pamodzi ndi mpingo. Mtedza, chimanga chootcha ndi mango aulusi zikhoza kutseka kabowoko. Ayambe ndi phala ndi zakudya zofewa, pang'onopang'ono, akutafuna bwinobwino.

Kwa masabata 6 kapena kuposerapo asanyamule ndowa ya madzi, asagwire khasu, kuopa kuti msoko wa m'kati ungalekane matumbo n'kutukumuka pansi pa khungu. Koma asangogona; kuyenda pang'ono pabwalo kumadzutsa matumbo ndi kuyendetsa magazi. Amene adamudula chakumapeto kwa thumbo laling'ono akhoza kuperewera vitamini B12, magazi n'kuchepa, ndipo ena amafunika jakisoni moyo wonse.

Tinene zoona pa za m'tsogolo. Kuchotsa thumbo lalikulu lonse kumathetsa ulcerative colitis m'matumbo, koma Crohn siitha ndi mpeni. Imakonda kubwerera pomwe adalumikizapo, makamaka mwa osuta fodya. N'chifukwa chake madokotala amaunikanso m'matumbo pakatha miyezi 6 mpaka 12, ngakhale munthu akumva bwino. Amene auza wodwala kuti ataye mankhwala poti wachira, akumubwezera pa bedi la opaleshoni.

Chomwe chimapweteka kuposa bala ndi manyazi. Bambo wa thumba pamimba amaopa kununkha pagulu, mayi amaopa kuti mwamuna wake amunyansidwa, ndipo mapeto ake mpando wawo m'tchalitchi umakhala wopanda munthu. Thumba lomatidwa bwino silimveka fungo, ndipo nthendayi si yopatsirana, si ufiti, si chilango. Amayi a chigwirizano ndi akulu a mpingo, popita kukazonda musafunse zoti akuonetseni. Tungani madzi, takasani phala, sonkhani ndalama ya matola ya tsiku lokaonana ndi dokotala. Ndipo Lamulungu likadzafika loti wapeza mphamvu, mumusungire malo pafupi ndi khomo, kuti akafuna kutuluka atuluke mwaulemu.