Chilankhulo ndi Luso Patsinde pa Phiri la Zomba

Kwathu ku Mposa, m'mphepete mwa nyanja ya Chilwa, tinkadziwa Zomba ngati tauni ya alendo okwera phiri kukapumula ku Ku Chawe. Nditayamba maphunziro a chilankhulo ndinazindikira kuti tauniyi ili ndi mbiri inanso, ya magulu a zaluso.

Magulu awiri ndiwo anayala maziko. Writers' Group ndi Travelling Theatre anayamba mu 1970 pa Chancellor College, sukuluyi isanasamuke ku Chichiri kupita ku Zomba mu 1973. Alembi monga Jack Mapanje ndi Steve Chimombo ankakumana kuwerengerana ndakatulo, nabisa chidzudzulo m'mikuluwiko poopa boma la chipani chimodzi. Mikuluwikoyo sinamuteteze Mapanje: anamangidwa mu 1987 ndipo anatuluka ku Mikuyu mu 1991.

Komabe luso lonseli linali m'Chingerezi, chilankhulo chimene agogo anga sankachimva. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1980 pamene David Kerr ndi Chris Kamlongera anatsogolera ophunzira kukachita masewero a Chichewa m'midzi. Kwa Mwima, kufupi ndi Liwonde, sewero lokhudza zitsime ndi ukhondo linkaima pakati, anthu n'kuyankha, kutsutsa ndi kuimba nawo. Woonera anasanduka mlembi.

Phunziro ndaliona apa: gulu la zaluso silikhala la anthu chifukwa chokhala pakati pawo, koma polankhula chilankhulo chawo. Funso latsala kwa ife a ku Machinga: nanga Chiyao ndi Chilomwe zidzakwera liti pabwalo?