Mukakaoda katundu ku Dar, dutsaninso ku Kilwa

Achinyamata ambiri a kwa Makanjira akapita ku Tanzania, ulendo umathera ku Kariakoo: kuoda zovala ndi mafoni, basi, n'kubwerera. Chonsecho makilomita pafupifupi 300 kumwera kwa Dar es Salaam kuli Kilwa, dera lomwe mbiri yake ikutikhudza kwathu kuno.

Ku Kilwa n'komwe Shehe Abdallah Mkwanda anakaphunzira Qur'an asanadzakhazikike kwa Makanjira m'zaka za m'ma 1880, n'kuyamba kuphunzitsa ena.

Mukafika ku Kilwa Masoko mumakwera boti kupita pachilumba cha Kilwa Kisiwani. Pamenepo pali mabwinja a mzikiti waukulu womangidwa ndi miyala ya m'nyanja, ndipo zipilala zake zina zikadali chilili. Ibn Battuta, mlendo wa ku Morocco, anafikapo mu 1331, ndipo UNESCO inaika malowa pamndandanda wake mu 1981. Zithunzi zimatuluka bwino, palibe kukana.

Koma pitaninso ku Kilwa Kivinje, tauni yakale ya kumtunda. Njira yomwe inabweretsa maphunziro kuno kunyanja ndi yomweyonso ankadutsira anthu ogulitsidwa ukapolo, atasenza minyanga, ndipo ambiri ankatsikira padoko limeneli.